Mwana Akatsogoza Matako Kumapeto kwa Mimba: Njira Zomwe Zilipo ndi Mmene Mungakonzekere

Mimba ikakhala ndi masabata 28, pafupifupi mwana mmodzi mwa ana anayi kapena asanu alionse amakhala ali tsonga m'chiberekero, mutu uli m'mwamba pansi pa nthiti za mayi, matako kapena mapazi ali pansi. Panthawiyo palibe chodetsa nkhawa, chifukwa malo amakhala akadali ambiri ndipo mwana amatembenuka mmene wafunira. Akamakula malo amachepa, ndipo ana ambiri amazondoka okha, mutu n'kuloza ku khomo la chiberekero. Pofika masabata 37, ndi ana atatu kapena anayi okha pa 100 alionse amene amakhala asanatembenuke.

Vuto lonse lagona pa mutu. Mutu ndiye mbali yaikulu ndiponso yolimba kwambiri ya thupi la mwana. Ukatsogola, umakhala ndi maola ambiri okankha khomo la chiberekero, mafupa ake amasendererana pang'ono kuti ukwane m'chiuno cha mayi, ndipo ukangotuluka thupi lonse limatsatira mosavuta. Koma matako akatsogola, mbali yaikuluyo imabwera pomaliza. Mutu umayenera kudutsa m'chiuno m'mphindi zochepa chabe, ndipo pamphindi zimenezo chingwe cha mchombo chimakhala chitapanikizika pakati pa mutuwo ndi mafupa a mayi, choncho magazi onyamula mpweya amafika kwa mwana mochepa. Malamulo onse amene madokotala ndi azamba amatsatira pa nkhaniyi amachokera pa mfundo imeneyi.

Kakhalidwe ka miyendo nakonso kamasintha zinthu kwambiri. Ana oposa theka amakhala atawongola miyendo m'mwamba, mapazi ali pafupi ndi nkhope, matako okha ndi amene ali pansi. Kakhalidwe kameneka ndiye kabwinoko, chifukwa matako amatseka bwino khomo la chiberekero. Ena amakhala atapinda mawondo, mapazi ali m'mbali mwa matako. Ena amatsitsa phazi limodzi kapena onse awiri kunsi kwa matako, ndipo apa ndi pamene pali ngozi yaikulu: phazi silitseka khomo, ndiye nsupa ikasweka chingwe cha mchombo chikhoza kutsetsereka n'kutsogola. Zimenezi zimachitika pafupifupi kamodzi pa 200 kwa mwana wowongola miyendo, kasanu pa 100 kwa wopinda mawondo, ndipo kwa wotsogoza phazi zimafika ka 15 pa 100 kapena kuposerapo. Phazi lingathenso kudutsa khomo lisanatseguke lonse, thupi n'kutsatira, mutu n'kukakamira.

Nthawi zambiri chifukwa chimene mwana watsogozera matako sichipezeka, ndipo palibe chimene mayi analakwitsa. Sikagonedwe, sichakudya, sintchito imene ankagwira. Komabe pali zinthu zimene sikani iyenera kufufuza: nsengwa imene yakhala m'munsi n'kutchinga khomo la chiberekero, zotupa za m'chiberekero, chiberekero chogawikana pakati chibadwire, madzi ochuluka kapena ochepa kwambiri, mapasa, ndiponso mwa apo ndi apo vuto la mwana weniweniyo monga madzi ochuluka m'mutu.

Kudziwa msanga

Sikelo ya masabata 36 ndi yofunika kuposa mmene ambiri amaiganizira, chifukwa ndi pamene mzamba ayenera kutsimikiza kuti chimene chatsogola n'chiyani. Akamapapasa mimba, mutu umamveka wolimba, wozungulira, ndipo umagwedezeka pawokha popanda thupi lonse kusuntha. Matako amamveka ofewa ndipo akakankhidwa thupi lonse limasuntha nawo. Mtima wa mwana wotsogoza matako umamveka bwino pamwamba pa mchombo wa mayi. Mayi nayenso amatha kumva chinthu cholimba chikumupanikiza pansi pa nthiti, kwinaku mwana akuponda m'munsi pafupi ndi chikhodzodzo.

Manja okha amaphonya. Pafupifupi ana atatu mwa khumi alionse amene sanatsogoze mutu sadziwika popapasa, makamaka ngati mayi ndi wonenepa kapena mimba yake ndi yolimba. Ngati pali kukayika kulikonse, pemphani sikani. Sikaniyo iyankhe mafunso awa: miyendo ili bwanji, nsengwa ili pati, madzi ndi ochuluka motani, mwana akulemera pafupifupi zingati, komanso khosi lake lawerama kapena lagadama. Mayi amene wadziwa pa masabata 36 ali ndi njira zitatu zoti asankhepo: kutembenuza mwana, opaleshoni, kapena kubereka mwachibadwa. Amene wadziwira m'chipinda choberekera, khomo litatseguka kale, nthawi zambiri amangotsatira zimene zatsala.

Kutembenuza mwana ndi manja

Njira yoyamba kuiganizira ndi imene madokotala amaitcha ECV. Dokotala kapena mzamba wophunzitsidwa amaika manja pamimba pa mayi n'kukankha mwana mpaka mutu utaloza pansi. Kwa mayi wachisamba imachitika kuyambira masabata 36, ndipo kwa amene anaberekapo kuyambira masabata 37, chifukwa ana a amayi oterewa amatha kutembenuka okha mochedwa. Kwa wachisamba, kudikira sikupindula kwenikweni: pakadutsa masabata 36, ana pafupifupi 8 okha pa 100 ndi amene amatembenuka okha.

Tsikulo zimayenda motere. Amayamba ndi sikani kuti aone ngati mwana akadali momwemo. Kenako amamvetsera mtima wa mwana pa makina kwa mphindi 20 kapena 30. Mayi amakodza kaye kuti chikhodzodzo chisatchinge, n'kugona chagada atapendekera pang'ono kumanzere. Amabayidwa jakisoni wofewetsa chiberekero, kawirikawiri terbutaline wokwana mamaikirogalamu 250 pansi pa khungu, kapena salbutamol. Mankhwalawa amathamangitsa mtima wa mayi ndi kunjenjemeretsa manja kwa kanthawi, koma amawonjezera mwayi woti mwana atembenuke. Dokotala amanyamula matako a mwana kuwachotsa m'chiuno ndi dzanja limodzi, ndipo ndi dzanja linalo amatsogolera mutu kuti mwana agubuduke chakutsogolo, kumene nkhope yake yaloza. Zikakanika amayesa chakumbuyo. Sayenera kuyesa koposa kanayi, ndipo kukankha konse kusapitirire mphindi 10. Akamaliza amamvetseranso mtima wa mwana pa makina mayi asanapite kunyumba.

Zimapweteka, tisabise. Ambiri amapirira, ena salola kuti apitirize, ndipo mayi ali ndi ufulu wonena kuti basi nthawi ina iliyonse. Zipatala zina zimabaya jakisoni wa pamsana poyesa kachiwiri, ndipo zimenezi zimathandiza chifukwa minofu ya pamimba imamasuka.

ECV imatheka pafupifupi kwa theka la amayi: 40 pa 100 mwa achisamba, ndi 60 pa 100 mwa amene anaberekapo. Mwayi umakula ngati madzi ndi okwanira, matako sanalowe m'chiuno, mutu ukugwirika bwino, ndipo nsengwa ili kumbuyo kwa chiberekero. Akatembenuka, ana ochepera 5 pa 100 ndi amene amabwereranso. Nthawi zina mtima wa mwana umatsika kwa mphindi zingapo n'kubwerera mwakale pamene dokotala wasiya kukankha. Pafupifupi mayi mmodzi pa 200 amafunika opaleshoni yamwadzidzidzi chifukwa cha kutaya magazi kapena mtima wa mwana wosabwerera bwino. N'chifukwa chake ECV iyenera kuchitikira pa chipatala chimene chili ndi fiyeta yokonzeka. Mayi amene magazi ake ndi a gulu la Rhesus negative alandire jakisoni wa anti-D pasanathe maola 72, chifukwa magazi a mwana angathe kusakanikirana ndi ake.

Sayesa ECV ngati nsengwa yatchinga khomo, ngati mayi wataya magazi m'sabata yapitayo, ngati nsupa yasweka kale, ngati ndi mapasa, ngati mtima wa mwana sukugunda bwino, kapena ngati magazi a mayi akuthamanga kwambiri mpaka kufika pa matenda a preeclampsia aakulu. Opaleshoni imodzi yam'mbuyomu payokha siletsa, ngakhale kuti dokotala ayenera kuunika kaye. Mukabwerera kunyumba n'kuona magazi, madzi akutuluka, mimba ikupweteka mosalekeza kapena mwana wachepetsa kusewera, bwererani kuchipatala nthawi yomweyo.

Maganizo athu ndi akuti njira imeneyi imanyalanyazidwa mopanda chifukwa. Amayi ambiri amalembedwa tsiku la opaleshoni popanda wowauza kuti ilipo. Ngati chipatala chanu sichichita ECV, funsani ngati angakutumizeni kwina.

Pali zina zimene anthu amayesa kunyumba, monga kugwada chifuwa chili pansi matako ali m'mwamba kwa mphindi zingapo patsiku. Kafukufuku sanapeze umboni woti zimatembenuza mwana, ngakhale kuti sizivulaza ngati mayi sakuchita chizungulire. Njira ya ku China yotentha zitsamba pafupi ndi kachala kakang'ono ka kuphazi, moxibustion, ili ndi umboni wochepa, ndipo imayesedwa pakati pa masabata 33 ndi 35. Choopsa ndicho kulola munthu wosaphunzira kukanya mimba kuti atembenuze mwana. Iye sangaone pamene pali nsengwa kapena chingwe, sangamve mtima ukatsika, ndipo nsengwa ikamatuka alibe chochita. Mankhwala alionse ofulumizitsa matenda a kubereka ndi oopsanso kwambiri kwa mwana wotsogoza matako.

Opaleshoni kapena njira yachibadwa

ECV ikakanika kapena ikakhala yosayenera, patsala njira ziwiri, ndipo apa akatswiri akhala akutsutsana kwa zaka zambiri. Mu 2000 magazini ya The Lancet inasindikiza zotsatira za kafukufuku wotchedwa Term Breech Trial, amene anatsogoleredwa ndi Mary Hannah wa ku Canada. Munali amayi 2,088 a m'zipatala 121 za m'mayiko 26. Pa gulu lokonzekera opaleshoni, ana 1.6 pa 100 anamwalira kapena kudwala kwambiri atangobadwa; pa gulu lokonzekera njira yachibadwa anali 5 pa 100. Zipatala zambiri padziko lonse zinasiya kubereketsa ana oterewa mwachibadwa. Koma anawo atawaunikanso ali ndi zaka ziwiri, mu 2004, panalibe kusiyana pa imfa kapena kakulidwe ka ubongo. Kenako mu 2006 kafukufuku wa PREMODA wa ku France ndi Belgium, wa amayi 8,105, anasonyeza kuti m'zipatala zosankha amayi mosamala ndiponso zokhala ndi anthu aluso, ana a magulu onse awiri ankakhala bwino mofanana. Mwa amayi amene anakonzekera njira yachibadwa, 71 pa 100 anachira popanda opaleshoni.

Bungwe la madokotala a amayi la ku Britain, RCOG, mu 2017 linapereka ziwerengero zimene zimathandiza kuyerekeza. Pa ana 2,000 alionse, pafupifupi mmodzi amamwalira ngati opaleshoni yakonzedwa pa masabata 39, awiri ngati mwana watsogoza mutu n'kubadwa mwachibadwa, ndi anayi ngati watsogoza matako n'kubadwa mwachibadwa. Izi ndi za m'zipatala zokhala ndi zonse zofunika. Choncho opaleshoni imateteza mwana pang'ono kuposa njira inayo, ndipo zimenezi n'zoona.

Mtengo wake amalipira ndi mayi, makamaka pa mimba zotsatira. Kupatula kutaya magazi, bala kutukusira, magazi kuundana m'mitsempha ndi kuchira mochedwa, chipsera cha pachiberekero sichichoka. Pa mimba yotsatira, pafupifupi mayi mmodzi pa 200 amene ayesa kubereka mwachibadwa chiberekero chimang'ambika pachipserapo. Maopaleshoni akamachuluka, nsengwa imatha kukhala m'munsi kapena kumera mozama pachipsera, zomwe zimabweretsa kutaya magazi koopsa. Mayi amene akufuna ana ambiri, kapena amene amakhala kutali ndi chipatala chochita opaleshoni, ayenera kuwerengera zimenezi. Opaleshoni yoopsa kwambiri mwa onse ndi yamwadzidzidzi, yochitika matenda atapita patali, ndipo pafupifupi amayi anayi mwa khumi alionse oyesa njira yachibadwa amathera pa opaleshoni matenda ali mkati.

Mukasankha opaleshoni, tsiku lake likhale pa masabata 39, chifukwa isanafike nthawiyo mapapo a mwana amavutirapo kupuma. Mudzauzidwa kusadya kwa maola 6 ndi kusamwa madzi kwa maola awiri musanalowe mu fiyeta. Ambiri amabayidwa jakisoni wa pamsana ndipo amakhala maso mwana akamabadwa. Onetsetsani kuti akujambulaninso pa sikani m'mawa wa tsikulo: mwana akapezeka kuti watembenuka, chifukwa cha opaleshoni chatha. Dziwaninso kuti pafupifupi mayi mmodzi mwa khumi matenda amayamba tsikulo lisanafike, ndiye mugwirizane ndi dokotala pasadakhale chimene chidzachitike zikatero.

Kubereka mwachibadwa kumafuna chiyani

Choyamba ndi munthu waluso amene wabereketsapo ana ambiri oterewa, ndipo adzakhalepo usiku ndi usana. Popanda iye, zina zonse n'zopanda ntchito. Kenako mwanayo akhale woyenera: asatsogoze phazi, khosi lake lisagadame ngati akuyang'ana kumwamba, kulemera kwake kukhale pakati pa makilogalamu 2.5 ndi 3.8, ndipo asakhale wonyentchera m'mimba. Fiyeta ikhale pafupi, ndipo pakhale wodziwa kutsitsimutsa khanda, chifukwa ana amenewa kawirikawiri amachedwa pang'ono kuyamba kupuma.

Matenda ayambe okha. Kuwayambitsa ndi mankhwala sikulimbikitsidwa, ndipo akamayenda pang'onopang'ono, nthawi zambiri ndi chizindikiro choti mwana sakukwana bwino m'chiuno. Kuika diripi yolimbitsa matenda kumangobisa chenjezo limenelo. Nsupa ikasweka, mzamba ayeze nthawi yomweyo ngati chingwe sichinatsogole. Chimbudzi chakuda cha mwana chimatuluka kawirikawiri pamene matako akupanikizika kumapeto, ndipo pachokha sichitanthauza ngozi ngati mtima ukugunda bwino. Mayi asakankhe mpaka mzamba atatsimikiza kuti khomo latseguka lonse, ngakhale atamva kufuna kukankha. Khomo litatseguka lonse, matako akapanda kuoneka pakatha maola awiri, njira ndi opaleshoni.

Matako akayamba kuoneka, lamulo lalikulu ndi losakoka. Mwana atuluke ndi mphamvu ya mayi ndi ya chiberekero. Kukoka kumachititsa kuti manja a mwana akwere m'mwamba n'kupingasa kumbuyo kwa khosi, ndipo chibwano chimachoka pachifuwa, mutu n'kugadama, ndiye umafuna malo aakulu kuposa amene alipo. Mayi akhoza kugona chagada atadzuka pang'ono kumutu, kapena kugwada atagwira pansi ndi manja, malinga ndi chimene mzambayo anazolowera. Msana wa mwana uyenera kuloza kutsogolo kwa mayi nthawi zonse. Mzamba amayang'ana nthawi: kuchokera pamene mchombo waoneka mpaka mutu kutuluka pasadutse mphindi zitatu, ndipo kuchokera pamene matako atuluka pasadutse zisanu. Nthawi ikamatha, kapena mwana akalefuka n'kusintha mtundu, ndi pamene amalowererapo.

Miyendo ikakanirira, amakanikiza kumbuyo kwa bondo kuti lipindike. Akafuna kugwira mwana, amagwira mafupa a m'chiuno, zala zazikulu zili pamwamba pa matako. Kugwira pamimba kungaphulitse chiwindi kapena kapamba. Manja akakakamira amagwiritsa ntchito njira ya Løvset: amazunguza mwana theka la mzere wozungulira msana uli pamwamba kuti phewa lakumbuyo libwere kutsogolo, n'kutulutsa dzanjalo, kenako amazunguza kubwerera kuti atulutse linalo. Pa mutu pali njira ya Mauriceau-Smellie-Veit. Mwana amagonekedwa pamkono wa mzamba, zala ziwiri zili pamafupa a masaya, osati m'kamwa, dzanja linalo lili pamapewa ndi kunkhongo kuti chibwano chiwerame, pamene wothandiza akukanikiza pamwamba pa fupa lapachinena la mayi. Zikakanika, dokotala amagwiritsa ntchito zitsulo zogwirira mutu.

Kukonzekera masabata otsala

Njira ina iliyonse imene mwasankha, mwana wotsogoza matako abadwire m'chipatala chochita opaleshoni. Ngati ndi kutali, samukirani pafupi ndi chipatalacho masabata 37 asanakwane. Mayendedwe a usiku akhale okonzeka, ndipo wokuperekezani adziwe kuti mawu oyamba pofika ndi akuti mwana watsogoza matako. Yezetsani kuchuluka kwa magazi ndi gulu lake, ndipo ngati ndi ochepa imwani mankhwala owonjezera magazi mwakhama, chifukwa njira zonse ziwiri zingathere pa kutaya magazi.

Funsani mafunso molunjika. Kodi ndani pano amabereketsa ana otsogoza matako, ndipo amapezeka usiku? Zimatenga mphindi zingati kuti munthu afike mu fiyeta? Magazi othira anthu alipo? Zimene mwagwirizana zilembedwe m'buku lanu la sikelo, kuti amene adzakhale pa ntchito tsikulo asadzayambirenso.

Matenda akangoyamba, nyamukani. Malangizo oti mudikire kunyumba mpaka ululu utalimba sakukhudzani. Nsupa ikasweka, pitani nthawi yomweyo ngakhale musakumva kupweteka. Mukamva kapena kuona chingwe chikutuluka kumaliseche, gwadani chifuwa chili pansi matako ali m'mwamba kuti mwana asachipanikize, musachigwiregwire kapena kuchibwezera mkati, ndipo wina aitane thandizo. M'galimoto gonani chammbali kumanzere, mapilo ali pansi pa chiuno. Mwana akayamba kubadwira panjira, amene ali nanu asamukoke, angomuchirikiza pamene akutuluka.

Mwana akabadwa, musadabwe kuona miyendo yake ili m'mwamba kwa masiku angapo, matako kapena maliseche atatupa, kapena mutu uli wautali chakumbuyo. Zonsezi zimatha zokha. Chofunika kuchiyang'anira ndi mafupa a m'chiuno. Ana amene anakhala chotsogoza matako pa masabata 36 kapena kupitirira amakhala pa chiopsezo chokulirapo choti fupa la ntchafu silinakhazikike bwino m'malo mwake, ngakhale atabadwa pa opaleshoni kapena atatembenuzidwa ndi ECV. Ayezedwe ndi manja atangobadwa, ndipo kumene zingatheke ajambulidwe m'chiuno pa sikani ali ndi masabata 4 mpaka 6. Vutoli likapezeka msanga limakonzeka ndi malamba ovala kwa masabata angapo, koma likapezeka mwana atayamba kuyenda nthawi zambiri limafuna opaleshoni. Pomukulunga, miyendo isamangidwe yowongoka. Ikhale yomasuka kupindika ndi kutanyula. Pa mimba yotsatira, kwa pafupifupi mayi mmodzi mwa khumi mwana amatsogozanso matako, choncho uzani mzamba pa sikelo yoyamba kuti adzakonze sikani ya masabata 36.